Kuthokoza ofesi ya za ziweto ku Blantyre chifukwa cha katemera wa chiwewe

Kwa a Mkulu,
Ofesi ya za Umoyo wa Ziweto,
Blantyre.

Bwana,

Ndine mayi wa ku Bangwe, pakhomo panga pali galu mmodzi ndi mphaka. Ndalemba kalatayi kuti ndikuthokozeni inu ndi antchito anu, pamodzi ndi anzanu a Mission Rabies, bungwe lolimbana ndi chiwewe, ndi a Blantyre SPCA, bungwe loteteza nyama ku nkhanza, chifukwa cha katemera wa chiwewe waulere amene mwakhala mukutibweretsera kuyambira 2015.

Ndisakubisireni, chaka choyamba ine sindinapite. Kuno kunali mphekesera yoti galu akabayidwa jakisoni amafooka, usiku sauwanso, akuba amangolowa ngati kwawo. Ndinaikhulupirira, poti galu ndiye mlonda wa ife osauka. Amene ananditembenuza mtima ndi mwana wanga wamkazi, nthawi imeneyo ali sitandade 5. Anthu anu anafika m'kalasi mwawo n'kuwaphunzitsa kuti chiwewe chimadzera m'malovu a galu wodwala, ndipo zizindikiro zikangoyamba kuoneka mwa munthu, mankhwala palibenso. Mwanayo atafika kunyumba anakana kudya mpaka nditamulonjeza kuti Loweruka tipita.

Tsikulo pabwalo la sukulu panali mzere wautali, ambiri anali anyamata atamanga agalu ndi zingwe za sisalo, ena atanyamula tiana ta agalu m'manja. Ife mphaka tinamuika m'thumba la ufa. Dokotala wa ziweto amene tinamupeza sanatifulumizitse. Atabaya galu anamupaka utoto pamphumi, n'kutipatsa khadi, kenaka anamutsegula makutu n'kundionetsa nkhupakupa zimene ine sindinkaziona n'komwe. Anandifotokozera za mankhwala a utitiri ndi a njoka za m'mimba, komanso kuti galu wamkazi akhoza kutsekedwa kuti asamangoswa ana amene tidzalephere kuwadyetsa. Mawu ake amene sindiwaiwala ndi akuti agalu 7 mwa 10 aliwonse akalandira katemera, chiwewe chimasowa podutsa. Ndinazindikira kuti galu wanga wosabayidwa akanaika pangozi ana a mudzi wonse, osati anga okha. Ndipo galuyo anapitiriza kuuwa monga kale mpaka ukalamba wake.

Chimene chandilembetsa kalatayi makamaka chinachitika chaka chatha. Mdzukulu wanga wa zaka 4 analumidwa pamwendo ndi galu wosadziwika mwini, pafupi ndi potungira madzi. Ine mutu unaima. Anzathu anathamanga, wina ndi mchere, wina ndi masamba oti tifinyire pabala. Mwana wanga yemwe uja, tsopano mayi, anawathokoza n'kukana zonsezo. Anatenga sopo, n'kutsuka balalo ndi madzi oyenderera kwa mphindi 15, akuyang'ana nthawi pafoni, mwana akulira. Tsiku lomwelo tinapita kuchipatala, analandira jakisoni woyamba, ndipo masiku ena onse amene anatilembera sitinaphonye. Mwanayo ali bwino, wayamba sukulu ya mkaka. Zimene amake anachita anaziphunzira kwa anthu anu ali kamtsikana, ndipo anazisunga zaka zonsezi.

Ndili ndi pempho limodzi lokha. Masiku a katemera muzilengezanso m'matchalitchi, m'mizikiti ndi kwa mafumu, kudakali sabata ziwiri kuti tsikulo lifike, chifukwa Loweruka amayi ambiri amakhala ali ku msika wa Limbe. Polengezapo muzitchulanso amphaka. Anthu ambiri kuno amaganiza kuti katemerayu ndi wa agalu okha, chonsecho mphaka ndiye amagona pamphasa limodzi ndi ana.

Mundiperekere moni kwa anyamata ndi atsikana anu amene amayenda khomo ndi khomo padzuwa, atanyamula mabokosi a katemera, kukwera mitunda ya kuno kwathu. Akadzafikanso ku Bangwe adzatipeza pamzere, makadi ali m'manja, pamodzi ndi kagalu katsopano kamene mdzukulu wanga wakapatsa dzina loti Mulekeni.

Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.

Ine wanu,
Mayi wa ku Bangwe