Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zamtengatenga: ife a mathiraki tikulipira pamageti, tiuzeni komwe ndalama zikupita

Olemekezeka a Nduna,

Landirani ulemu wanu. Ine ndine mmodzi wa eni mathiraki ang'onoang'ono a ku Limbe, ndipo ntchito yonyamula katundu ndinaiyamba kale mageti olipiritsa asanabwere m'dziko muno. Ndalemba kalatayi poyera chifukwa kudandaula mwakachetechete kwandikanika. Makalata ndinalemba, m'maofesi ndinalowa, kwina kundiuza kuti abwana ali kumsonkhano, kwina kuti nkhani yangayi si ya pamenepo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake lero ndabwera kwa inu.

Choyamba ndinene mosabisa kuti ife sitikukana kulipira. Amene amanena kuti thiraki siiononga msewu ndi wabodza. Akatswiri a misewu anapeza kalekale, pa kafukufuku yemwe anachitika ku America pakati pa 1958 ndi 1960, kuti kulemera kwa pa ekiselo imodzi (chitsulo cholumikiza matayala a mbali ziwiri) kukawirikiza kawiri, msewu suonongeka kawiri ayi, umaonongeka pafupifupi ka 16. Ndiye kuti thiraki imodzi yodzadza imadya phula kuposa galimoto zing'onozing'ono zambirimbiri. Zimenezi timazidziwa. N'chifukwa chake lamulo la matani 56, thiraki ndi katundu wake yemwe, ine ndimalilemekeza, ndipo mnzanga wopyoletsa katundu akagwidwa pasikelo ya pa Balaka sindimumvera chisoni, chifukwa dzenje lomwe wakumba iyeyo mawa ligwetsa dalaivala wanga.

Pomwe geti la pa Chingeni ku Ntcheu limatsegulidwa mu November 2021, kenako la pa Kalinyeke ku Dedza mu January 2022, ambiri a ife tinavomera ndi mtima umodzi. Galimoto yopitirira matani 10 anaiikira K8,000 pongodutsa kamodzi, yonyamula katundu wamkulu modabwitsa K20,000. Anthu a galimoto zing'onozing'ono ndi a maminibasi atalira kwambiri, boma linamva, mtengo wa kagalimoto kakang'ono n'kutsika kuchoka pa K1,700 kufika pa K1,000. Ife sitinatseke msewu. Tinauzidwa kuti ndalama za pageti zidzabwerera pamsewu womwewo, ndipo tinakhulupirira. Ulendo umodzi wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe n'kubwerako, thiraki imaima pazenera kanayi, ndipo kanayi konseko dalaivala amatulutsa ndalama osatsutsa.

Tsopano mundilole ndikuuzeni zomwe zinaonekera dalaivala wanga nyengo ya dzinja yapitayi.

Ananyamula feteleza wobereketsa, matumba 600, kupita naye kwa wamalonda wina yemwe alimi anali atamudikira kale chifukwa chimanga chinali chitafika m'mawondo. Mvula inayamba chakumadzulo. Usiku, pamalo pena pamsewu waukulu, basi inatulukira kutsogolo itawalitsa nyali zonse. Kumanzere kwake phula linali litadyeka, m'mphepete mwa msewu mutasanduka chiphompho, ndiye panalibe kothawira. Pakati pa njira yakeyo panali dzenje lodzadza madzi, looneka ngati kachithaphwi wamba. Tayala lakutsogolo linaphulika pomwepo, sipuling'i n'kuthyoka, thiraki n'kupendekekera m'ngalande. Zingwe zinaduka, tenti inang'ambika, mvula n'kuyamba kumenya matumba. Amene anagwirako feteleza wobereketsa akudziwa zomwe zimachitika akakumana ndi madzi: wina amasungunuka n'kutsika ndi matope, wotsalayo amaundana kukhala chibuma choti mlimi sangagule. Dalaivala anandiimbira foni mawu akunjenjemera, dzanja litatupa chifukwa chiwongolero chinamumenya. Iye ndi mnyamata womuthandiza anathyola nthambi za mitengo n'kuziyala pamsewu kuti galimoto zina zisawaombe, kenako anachezera kuzungulira thirakiyo ndi tochi ya pafoni, chifukwa anthu anali atayamba kale kusonkhana mumdima, ndipo si onse amene anabwera kudzathandiza.

Nditafika kutacha ndinamupeza atakhala pa jeke, zovala zili chinyowere. Asanandipatse moni n'komwe, anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa lisiti la pageti, lonyowa, inki itayamba kufufutika. Anati, “Bwana, musaiwale kulemba iyi m'buku, ndinalipira.” Munthuyo wapulumuka imfa, koma chomwe chimamudetsa nkhawa n'chakuti ndisamuganizire kuti wadya ndalama ya pageti. Umu ndi momwe anthu athu amalemekezera lamulo, a Nduna. Nanga lamulolo likuwalemekeza bwanji iwowo?

Mwini katundu anandidula ndalama ya matumba onse oonongeka, ndipo sindimuda, mgwirizano umatero. Thiraki inakhala pagalaja nthawi yaitali kudikira sipeya. Ngongole ya kubanki sinadikire. Mnyamata wothandiza uja ndinamuuza kuti ayambe wapita kumudzi mpaka zinthu zitakhala bwino, ndipo pomwe ndikulemba pano sindinathe kumuitananso. Ali ndi ana awiri. Nditafunsa kuti munthu amene walipira msonkho wa msewu, msewuwo n'kumuonongera galimoto, amakadandaula kuti, palibe amene anandipatsa yankho lomveka.

Musaganize kuti geti ndiye msonkho wokhawo. Mu lita iliyonse ya dizilo muli kale ndalama ya misewu, ndipo thiraki imamwa malita mazanamazana paulendo umodzi. Pali COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), inshuwalansi, mapamiti, msonkho wa utsi, zolipira zoimika galimoto m'matauni. Matayala, mabatire, mafuta a injini, zonse n'zochokera kunja, ndipo kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Masiku ogona pamzere wa dizilo sindinena. Zonsezi zimakathera pamtengo wa thumba la simenti, la shuga, la ufa, chifukwa dziko lathu lilibe doko ndipo katundu wochuluka amayenda pa matayala. Mayi wogula mchere pamsika ku Mzimba akulipira nawo geti la pa Chingeni ngakhale sanalionepo.

Palinso china chomwe chimatiwawa pageti penipenipo. Mtengo umatengera mtundu wa galimoto, osati zomwe yanyamula. Thiraki yobwerera yopanda kanthu imalipira chimodzimodzi ndi yodzadza, chonsecho tagwirizana kale kuti choononga msewu ndi kulemera. Ndipo maulendo obwerera opanda katundu ndi ambiri, chifukwa dziko lino limagula kunja zochuluka kuposa zomwe limagulitsa. Kalole ka matani 12 konyamula mbatata ku Dedza kali m'gulu limodzi ndi chithiraki chamaekiselo ambiri. Kodi pamenepo chilungamo chili pati?

Tikatuluka m'dziko ndiye kumakhala kulira kwenikweni. Maiko a COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, anagwirizana kuti thiraki yaikulu yamaekiselo opitirira atatu izilipira madola 10 pa makilomita 100 alionse m'dziko la eni. Koma madoko omwe timadalira ndi Beira ndi Nacala ku Mozambique, ndi Dar es Salaam ku Tanzania. Mozambique siili mu COMESA, Tanzania inatulukamo mu 2000, ndiye kumeneko mitengo imayendera malamulo awo. Ukangodutsa pa Mwanza kulowa Zobue, kapena pa Dedza kulowa Calomue, uyenera kukhala ndi ndalama zakunja m'manja, ndipo kutsogoloko kuli kulipira powoloka Zambezi ku Tete. Wopita ku Durban ali ndi mageti a ku Zimbabwe ndi mlatho wa Beitbridge zikumudikira. Wotulukira pa Songwe kulowa ku Tanzania nayenso chimodzimodzi. Madolawo tiwatenga kuti? Kubanki umalembetsa n'kumadikira, katundu ali padoko akulipiritsidwa tsiku ndi tsiku. Mapeto ake anthu oongoka akukakamizika kukagula ndalama m'makona pamtengo wokwera, n'kumaoneka ngati zigawenga pomwe akungofuna kubweretsa mafuta ndi mankhwala m'dziko mwawo. Mnzathu wongoyamba kumene bizinesiyi amadziwira zolipira zonsezi pachipata, thiraki itaima kale, chifukwa palibe pepala limodzi lomwe angawerenge asananyamuke.

Ndikudziwa kuti simunakhale manja lende. Ntchito yokonzanso msewu wa M1 kuchoka pamphambano ya ku bwalo la ndege la Kamuzu kulowera kumpoto taiona, ndipo tikuthokoza. Ndikudziwanso kuti namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anakokolola misewu ndi milatho yomwe palibe anaiika pabajeti. Koma a Nduna, ntchito ya kumpotoyo ikuyendera ndalama za European Investment Bank ndi European Union. Funso langa ndi la ndalama zathu, zija timapereka pazenera. Pomwe Nyumba ya Malamulo imakhazikitsa Roads Fund Administration ndi Roads Authority mu 2006, cholinga chinali choti wosunga thumba akhale wina, womanga msewu akhale wina, kuti ndalama ya msewu isasokonekere kwina. Maganizo abwino kwambiri. Koma ife olipirafe tikungomva m'nyuzipepala, lero kuti mageti atolera mabiliyoni, mawa kuti ndalama ya misewu yochokera m'mafuta sinafike m'thumbamo. Tikumvanso kuti mageti ena akubwera. Amene anayendako pa Chiweta kupita ku Karonga, kapena msewu wa kunyanja wodutsa ku Nkhotakota, akudziwa chifukwa chake mtima umatiima tikamva zimenezi. Kodi tiyambe kulipira kaye kenako msewu, kapena msewu kaye kenako kulipira? Nthawi yoyamba tinavomera kutsogoza ndalama. Kachiwiri musatipemphe zomwezo tisanaone zomwe zoyambazo zinachita.

Pempho langa lalikulu ndi limodzi, ndipo silifuna ngongole yakunja. Lamulani kuti mwezi uliwonse ziwerengero zizituluka poyera: geti lililonse latolera zingati, kuchokera ku magulu ati a galimoto, ndalamazo zakonza makilomita angati, kuyambira pati kulekeza pati, kontilakitala wake ndani, walipidwa zingati. Zilembedwe pachikwangwani chachikulu pageti pomwepo, pamene dalaivala amaima podikira lisiti, zilengezedwenso pawailesi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Ife timadutsa pamsewupo tsiku ndi tsiku. Mukalemba kuti pakati pa malo akuti ndi akuti pakonzedwa, tikhala oyamba kuvomereza kapena kukuuzani kuti wina wakunamizani. Oyang'anira ntchito aulere muli nawo kale, angofunika kuwapatsa chowerenga.

Pamsewu womwe uli ndi geti pasamapezeke dzenje logona sabata zingapo. Pakhale gulu lokwirira maenje lokhazikika pagawo lililonse, ndi nambala ya foni yolembedwa palisiti pomwepo yoti dalaivala aziimbapo akaona dzenje, ndipo m'mphepete modyeka muja mukonzedwe mvula isanagwe, osati itayamba. Pakhalenso njira yodziwika yoti munthu amene ali ndi lisiti, galimoto yake n'kuonongeka ndi dzenje la pamsewu wolipira, akadandaule n'kumvedwa.

Mitengo ikafuna kusintha, tiuzeni kutatsala miyezi itatu. Ife timasainirana ndi eni katundu mtengo wa pa tani nthawi isanakwane, ndiye kukweza kwadzidzidzi kumatuluka m'thumba mwathu, kapena kunena zoona, m'malipiro a madalaivala. Muunikenso magulu a galimoto kuti aziyendera maekiselo, ndipo yopanda katundu izilipira mocheperapo. Unduna wanu utulutse pepala limodzi losavuta kumva, lokhala ndi zonse zomwe mwini thiraki ayenera kulipira kuno kwathu ndi panjira za ku Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban, lizikonzedwanso zinthu zikasintha. Mukakumana ndi anzanu a ku Mozambique ndi Tanzania, pajatu tonse tili mu SADC, nkhani ya mitengo ya panjirayi muziitenga ngati nkhani ya mtengo wa chakudya, chifukwa ndi momwe ilili. Ndipo mutilankhulireko kwa a Nduna a Zachuma ndi a Reserve Bank kuti wonyamula katundu amene waonetsa mapepala a ulendo azipeza madola olipirira panjira kubanki.

Geti latsopano lisatsegulidwe ziwerengero za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke zisanaikidwe poyera, chaka ndi chaka kuyambira 2021. Ndikupempha kuti muchite zimenezi bajeti ikubwerayi isanapite ku Nyumba ya Malamulo, ndipo muitane eni mathiraki, aakulu ndi ang'ono omwe, pamodzi ndi madalaivala awo, kuti mudzatiwerengere ziwerengerozo pamaso.

Ine wanu,
Mwini mathiraki wa ku Limbe