Mowa wa ku Dorset wandikumbutsa masese a agogo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo zomwe ndinaona Loweruka lapitali. Ine ndimagwira ntchito kuno ku England, ndiye mnzanga ananditengera ku Square and Compass, bala yakalekale yamiyala m'mudzi wa Worth Matravers ku Dorset. Abale, mulibe kauntala m'menemo, mumaima pamzere m'kanjira kopanikiza nkumalandirira mowa pakazenera, wotunga mumgolo momwemo. Akuti real ale, wosasefa, wosapopera gasi, yisiti akadali wamoyo moti umapitiriza kusasa mumgolomo, ine mtima unathamangira kwa agogo kumudzi, masese awo akuchita thovu okha mumbiya. Pamalowa palinso saida, mowa wa maapozi ofinya, wambuu, wokoma koma waukali, tambula imodzi inandikwana.

Chandikhudza nchoti banja limodzi likuyendetsa malowa kuyambira 1907, komanso bungwe la anthu okonda mowa kuno lotchedwa CAMRA (Campaign for Real Ale) lakhala likutetezera mowa woterewu kuyambira 1971. Ife azimayi athu ofulula timangowanyoza pomwe luso ndi lomwelo. A unduna wa zokopa alendo, bwanji osawafunafuna amayiwa, kuwathandiza paukhondo nkumapititsako alendo akalawe?

Wowerenga wanu,
Poole, England