Kalata yochokera ku Ngabu: za ubongo wa mwamuna ndi wa mkazi

Okondedwa achimwene,

Uthenga wanu unandipeza sabata yatha, ndipo ndakondwa kumva kuti inu ndi alamu muli bwino ku Johannesburg. Kuno ku Ngabu dzuwa likuswa mtengo, moti kalatayi ndikulemba usiku ndili pakhonde, chifukwa m'nyumba simukukhalika.

Mwandifunsa, monga mphunzitsi wa sayansi, ngati nkoyenera kuti mwana wanu wamkazi amene ali kwa agogo ake ku Bangula atenge fizikisi ndi kemisitiri akalowa fomu 3, popeza anzanu a kuntchito akuti ubongo wa mkazi ndi waung'ono ndipo sungathe masamu. Mawu awowo ali ndi choona pang'ono, ndipo nchifukwa chake amasocheretsa anthu. Ndi zoona kuti tikaphatikiza anthu ambiri, ubongo wa mwamuna umaposa wa mkazi ndi gawo limodzi mwa magawo 10, monganso mtima, mapapo ndi mapazi a mwamuna zimakhala zokulirapo chifukwa thupi lonse ndi lalikulu. Dokotala wa ku France, Paul Broca, anayeza maubongo a anthu akufa ku Paris m'zaka za m'ma 1860 ndipo anaganiza kuti kupepuka kwa ubongo wa akazi kukusonyeza kuchepa kwa nzeru. Koma ubongo wa Albert Einstein, katswiri wotchuka wa fizikisi, unalemera magalamu 1,230 okha, osafika pa wa amuna ambiri, pamene njovu za ku Majete zili ndi ubongo wa makilogalamu pafupifupi 5, ndipo sindinamvepo kuti ina mwa izo inakhoza mayeso a MSCE.

Kusiyana kwenikweni kumayambira m'mimba. Mwana wamwamuna ali ndi kromozomu ya Y (makromozomu ndi tinthu ta m'thupi tosunga malangizo a chibadwa ochokera kwa makolo), imene ili ndi kachidutswa kotchedwa SRY, ndipo kameneka ndi kamene kamayambitsa kuumbika kwa ziwalo zachimuna. Ziwalozo zimayamba kutulutsa homoni (mchere wa m'thupi woyenda m'magazi) ya testosterone mimba ikafika pafupifupi milungu 8, ndipo homoniyo imafikanso ku ubongo umene ukukula. Kumene asayansi amaona kusiyana koonekeratu ndi m'kachigawo kakang'ono kapansi pa ubongo, hypothalamus, kamene kamayendetsa zakubereka, kuphatikizapo kusamba kwa amayi mwezi ndi mwezi. Nkhani zake ndi za kubala, osati za aljebura.

Masiku ano safunikiranso kudikira munthu afe, chifukwa makina a MRI amajambula m'kati mwa mutu wa wamoyo. Mu 2018 wasayansi Stuart Ritchie ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atajambula anthu oposa 5,000 ku Britain: amuna anali ndi ubongo wokulirapo, akazi anali ndi khungwa la ubongo lochindikalirapo, koma miyeso ya magulu awiriwa inkalowana kwambiri. Zaka zitatu izi zisanachitike, wasayansi Daphna Joel wa ku Tel Aviv, ku Israel, anaona zithunzi za maubongo oposa 1,400 ndipo anati ambiri mwa ife tili ndi ubongo wosakaniza, mbali zina zofanana ndi za amuna ambiri, zina zofanana ndi za akazi ambiri. Akatswiri ena amatsutsana naye, chifukwa kompyuta ikapatsidwa chithunzi chonse imatha kulota bwino ndithu kuti ndi cha mwamuna kapena cha mkazi, ngakhale kuti kukula kwa mutu ndi kumene kumaithandiza kwambiri. Ine ndimaziona ngati za msinkhu: tonse timavomereza kuti amuna ndi ataliko, koma mukaima pamsika wa Nchalo mudzaona amayi ambiri oposa ine msinkhu. Zimene zanenedwa za gulu sizikuuzani za mwana mmodzi amene ali ndi dzina ndi makope ake.

Kumene kusiyanaku kuli ndi ntchito ndi kuchipatala. Matenda a Parkinson, onjenjemeretsa thupi, amagwira amuna kuposa akazi, autism, vuto lovutika kulankhulana ndi kucheza ndi ena, imapezeka mwa anyamata katatu kapena kanayi kuposa atsikana, pamene mutu waching'alang'ala, matenda ovutika maganizo ndi Alzheimer, matenda oiwalaiwala, amakonda akazi.

Chimene anzanuwo akuiwala ndi chakuti ubongo umaumbika ndi ntchito imene ukugwira. Mu 2000 wasayansi Eleanor Maguire anapeza kuti oyendetsa matakisi ku London, amene amaloweza misewu zikwizikwi, anali ndi mbali yakumbuyo ya hippocampus, chigawo chosunga njira ndi malo, yokulirapo kuposa ya anthu ena. Ndikawerenga zimenezi ndimakumbukira asodzi a m'dambo la Elephant Marsh, amene amapalasa bwato m'mabango ofanana ponseponse osasochera. Tsono mtsikana amene amalawira kumjigo, kuphika, kulera azing'ono ake, nkufika m'kalasi atatopa, pamene mlongo wake wadzuka nkusamba basi, akalephera masamu tidzanena kuti vuto ndi kromozomu? M'kalasi langa chimene ndachiona chikufooketsa mitu ya ana ndi malungo a mu ubongo, njala ya miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, ndiponso kujomba, monga pamene namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasandutsa masukulu ambiri a ku Chikwawa ndi ku Nsanje kukhala misasa ya anthu othawa madzi. Zimenezi sizinasankhe mnyamata kapena mtsikana, koma amene sanabwerere kusukulu ndinawaona, ndipo a m'kalasi langa ambiri anali atsikana amene anakwatiwa.

Mwanayo ndinaona lipoti lake la temu yatha, ndipo masamu akuwakhoza kuposa mmene inu ndi ine tinkachitira. Muloleni atenge maphunzirowo. Loweruka likubwerali ndikwera minibasi kupita ku Bangula kuti ndikalankhule ndi agogo ake za ntchito za m'mawa, ndipo ndidzamutengera buku langa lakale la fizikisi. Inu mukamatumiza ndalama mwezi uno muonjezereko ya kakyuleta, nyali ya sola ndi neti yatsopano, chifukwa imene akugonamo yabooka.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzanu wakalekale,
wa ku Ngabu