Nyumba ya ku Henrietta Street sanaipake laimu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilembeko za nyumba ina yake kuno ku Dublin komwe ndikukhala, nambala 14 Henrietta Street. Ndinapitako ulendo wina ndili pa ofu, mnzanga wochokera kumudzi konko anakana kundiperekeza, akuti iye sangalipire ndalama kukaona nyumba ya atsamunda. Ndiye kalatayi mwina ndikuyankha iyeyo, koma ndikudziwa kuti oganiza ngati iye ndi ambiri.

Nyumbayi ndi ya mtundu omwe kuno amati Georgian, kutanthauza zomangidwa nthawi ya mafumu anayi a ku Britain omwe onse dzina lawo linali George, kuyambira 1714 mpaka 1830. Mukaiona panja mutha kungoidutsa. Njerwa zootcha zosapaka pulasitala, nsanjika zinayi osawerengera zipinda za pansi pa nthaka, mawindo otsekula chokankhira m'mwamba ondandalikana mzere umodzi, ndipo mukayang'anitsitsa mawindowo amanka nafupika mukamakwera, aatali ali pomwe bwana amalandirira alendo, ang'onoang'ono kumwamba kogona ana ndi antchito. Ulemerero wonse anaubisa mkati, zipinda zazitali zedi, siling'i yokongoletsedwa ndi pulasitala woumba pamanja. Anamangitsa ndi Luke Gardiner chakumapeto kwa zaka za m'ma 1740 ndipo oyamba kukhalamo anali a banja la Viscount Molesworth. Mpaka apa mnzanga uja akunena zoona, inali ya mabwana.

Koma nkhani sinathere pamenepo ayi. Ireland italumikizidwa ndi Britain mu 1801 nyumba ya malamulo ya ku Dublin inatsekedwa, mabwana aja anayamba kusamuka pang'onopang'ono ambiri kulowera ku London, mumsewumo munatsala maloya poti King's Inns, sukulu ya maloya, ili kumapeto kwa msewu omwewo, kenako nawonso anachoka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870 munthu wina Thomas Vance anaigula nkuigawagawa tizipinda ta lendi, mpaka anagwetsa masitepe aakulu a kumaso aja kuti papezeke malo oonjezera alendi. Alandilodi ndi amodzi dziko lonse lapansi, ndinaseka ndekha gaidi akufotokoza. Pa kalembera wa 1911 m'nyumba imodzi yomweyi munali anthu oposa 100, ndipo msewu wonse omwe ndi waufupi kwambiri unali ndi anthu oposa 800. Banja lathunthu chipinda chimodzi, kuphika momwemo kugona momwemo, madzi ndi chimbudzi zolimbirana, chitseko cha kumaso chosatsekedwa usiku ndi usana. Amene munakhalapo pa mdadada mukudziwa zomwe ndikunena. Alendi omaliza anatulukamo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndiye muwerenge nokha, amphawi anakhalamo zaka pafupifupi 100, kodi pamenepo nyumbayo ndi ya ndani?

Chomwe chinandigwira mtima ndi mmene anaikonzera. Khonsolo ya mzinda wa Dublin inayamba mu 2000 ndondomeko yoitenga mokakamiza poti inali ikugwa, ntchito inatenga zaka zambirimbiri mpaka anaitsekula mu 2018 kuti anthu azikaona. Ine ndimayembekeza kuti ndikapeza zonyezimira, makatani, mipando ya golide, zija amachita kuti alendo ajambule zoika pa Facebook. Ayi ndithu. Denga anakonza, makoma analimbitsa, koma mu kolido anasiya utoto wa buluu ndi wofiira omwe unkapakidwa nthawi ya alendi, wosupuka momwemo, pamakoma pakuoneka zipsera pomwe panadutsa matabwa ogawa zipinda, ndipo pamwamba pake siling'i ya bwana ija ikadali pompo. Chipinda chimodzi mumaona anthu awiri osiyana, amene anavina mmenemo ndi amene anachapa matewera mmenemo. Kupaka penti watsopano kukanakhala kosavuta komanso kotchipa, koma kukanafufuta azimayi onse aja anakwera masitepe ndi zidebe za madzi. Anafunsanso anthu omwe anakulira m'nyumba zoterezi kuti afotokoze okha, nkhani zawo ndi zomwe magaidi amakamba.

Musaganize kuti ma Irish anabadwa okonda nyumbazi. Atalandira ufulu ambiri amaganiza ngati mnzanga uja, kuti izi ndi zotsalira za Angelezi zigwe basi. Ndipo zimagwadi, mu 1913 ku Church Street nyumba ziwiri zinagwa nkupha anthu 7, mu June 1963 zinanso zinagwa ku Bolton Street ndi Fenian Street anthu 4 anafa, awiri anali atsikana ang'onoang'ono, zitatero akuluakulu anachita mantha nkuyamba kusamutsa anthu ndi kugumula mwaliwiro. Mu 1965 kampani ya magetsi ya ESB inagwetsa nyumba 16 zondondozana ku Fitzwilliam Street kuti imange maofesi, anthu a Irish Georgian Society, bungwe lomwe Desmond Guinness ndi mkazi wake Mariga anayambitsa mu 1958, anakuwa mpaka mawu kusasa koma sizinathandize. Lero lamulo la mapulani lili ndi mndandanda wa nyumba zotetezedwa, ikalowa mmenemo simungasinthe windo, masitepe kapena siling'i mwachisawawa opanda chilolezo, ndipo mwini wake akaisiya kuti iwole dala khonsolo ili ndi mphamvu yomulamula akonze kapena kumulanda. Eni nyumba amadandaula kuti kukonza windo lakale kumadula kuposa kugula la pulasitiki, ndipo sakunama, mbali imeneyo ndimawamvetsa.

Kwathuko tili nazo zathu, Mandala House ku Blantyre ya 1882 ndi nyumba zakale za boma ku Zomba, ndipo ndimadzifunsa kuti tikamazifotokoza timatchula ndani, mzungu yekha anagona mmwamba kapena ndi amene anaumba njerwa, kuphika ndi kulondera. Mnzanga uja ndamuuza kuti tikiti ndimulipirira ine ulendo uno, wati aona kaye mashifiti ake a mwezi wamawa.

Wowerenga wanu,
Dublin, Ireland