Lipoti la nthumwi za parishi pa msonkhano wokambirana za othawa kwawo

Kwa Abambo Ansembe, mawadeni, akhonsolo ya parishi, amayi a Mothers' Union ndi achinyamata.

Mudatituma ku Lilongwe kukakhala nawo pa zokambirana za nthumwi za maparishi pa nkhani ya anthu othawa kwawo amene ali m'dera la dayosizi yathu ya Lake Malawi. Tidanyamuka ndi funso lanu lija, lakuti tisonkhe chiyani ndipo tikapereke liti. Tabwera ndi yankho lotembenuka pang'ono. Kusonkha kulipo ndithu, koma ndi gawo laling'ono la ntchitoyi, ndiponso ndi gawo limene limalakwika kawirikawiri.

Tiyambe ndi mmene zinthu zilili, popeza nthumwi zambiri zidafika zikudziwa dzina la Dzaleka lokha. Kampuyi ili ku Dowa, mtunda woposa pang'ono makilomita 40 kuchokera ku Lilongwe. Kale idali ndende ya andale. Idatsegulidwa ngati malo a othawa kwawo mu 1994, ndipo malowo adawakonzera anthu 10,000 kapena 12,000. Lero muli anthu oposa 50,000. Ochuluka ndi a ku Congo, kenako a ku Burundi ndi Rwanda, ndi ena ochepa a ku Somalia ndi Ethiopia. Timati mlendo ndi mame, koma awa ndi mame amene sanakamuke kwa zaka zoposa 30. Alipo amene adabadwira momwemo, lero nawonso ali ndi ana, ndipo Chichewa amachilankhula kuposa chinenero cha makolo awo. Kubadwira m'Malawi sikuwapatsa unzika.

Lamulo la othawa kwawo limene likugwira ntchito ndi la 1989. Malawi idavomera pangano la maiko onse la 1951 lokhudza othawa kwawo koma idakana mfundo zina, makamaka za ufulu woyenda, wogwira ntchito ndi wokhala ndi malo. N'chifukwa chake wothawa kwawo amayenera kukhala m'kampu, ndipo potuluka amatenga chilolezo ku ofesi ya woyang'anira kampu, imene ili pansi pa Dipatimenti ya othawa kwawo mu Unduna wa Zachitetezo cha m'Dziko. Kwa zaka zambiri lamuloli lidali ngati lagona, anthu n'kumakhala m'matauni ndi kutsegula magolosale. Mu Marichi 2023 boma lidalamula kuti onse abwerere ku Dzaleka pofika pa 15 Epulo, ndipo mu Meyi apolisi adayamba kuwagwira mu Lilongwe, ena n'kuwasunga kaye ku ndende ya Maula pamodzi ndi ana awo. Zimenezi zidawonjezera anthu pamalo odzaza kale.

Pa chakudya tidapatsidwa masamu amene tikupempha khonsolo iwamvetse isanagamule chilichonse. Muyezo wathunthu wa WFP, bungwe la United Nations loona za chakudya, unkakhala pafupifupi magalamu 450 a chimanga pa munthu pa tsiku, ndiye kuti makilogalamu 13.5 pa mwezi, kuwonjezera nyemba ndi mafuta ophikira. Masiku ano amapereka ndalama m'malo mwa chakudya, ndipo mu 2023 thandizolo lidadulidwa kufika pa theka chifukwa cha kuchepa kwa ndalama. Tsono werengani. Thumba la makilogalamu 50 limakwanira banja la anthu asanu kwa masiku 22. Anthu 50,000 amafuna matumba 13,500 mwezi uliwonse. Parishi itasonkha matumba 40, amene kwa ife ndi chopereka chachikulu, sadyetsa kampu yonse ngakhale kwa maola atatu. Sitikunena izi kuti tigwe ulesi, koma kuti tileke kuganiza za "kudyetsa Dzaleka" ndi kuyamba kuganiza za mabanja owerengeka amene tingayende nawo chaka chonse. Matumba 40 omwewo amakwanira mabanja khumi a anthu asanu kwa miyezi pafupifupi itatu, Januwale mpaka Marichi, nthawi imene chimanga chimakwera mtengo pamsika.

Apa ndi pamene nthumwi za maparishi a pafupi ndi kampu zidatithandiza kwambiri, chifukwa zaona zolakwika zambiri. Chimanga chizisonkhedwa nthawi yokolola, Meyi ndi Juni, osati njala itafika kale. Chikhale chouma bwino, chofika pothetheka pochiluma, chifukwa chachinyezi chimachita chuku m'thumba ndipo chuku chimenecho ndi poizoni. Chithiridwe mankhwala a anankafumbwe kapena chiikidwe m'matumba aja osalowa mpweya, ndipo chisanjidwe pamatabwa, osagunda khoma. Pokapereka, pakhale ndalama ya chigayo. Banja limene lilibe ndalama limagulitsa gawo la chimangacho kuti ligayitse chotsalacho, kapena kuti ligule makala, ndiye opereka akachiona pamsika amakhumudwa n'kumati anthuwa ndi osayamika. Si kusayamika ayi: chimanga sichidyedwa chosagaya, ndipo ufa sudyedwa wosaphika. Nkhuni ndiye vuto lalikulu kumeneko. Mitengo yozungulira idatha, ndipo amayi ndi atsikana opita kutali kukatola nkhuni ndi amene amakumana ndi nkhanza kapena mikangano ndi eni minda.

Zovala za kaunjika zosasankha zimabweretsa ndewu kuposa thandizo. Zofunika zenizeni ndi mabulangete ndi majuzi a ana, zifike mu Meyi chisanu cha ku Dowa chisanalume, komanso sopo, zitenje ndi nsalu za atsikana za kumwezi zochapa n'kugwiritsanso ntchito. Zimenezi amayi a Mothers' Union angathe kusoka okha.

Cholakwika chachikulu kuposa zonse ndi kungokweza katundu m'galimoto Loweruka n'kukaima pabwalo. Mphindi zochepa pamakhala anthu mazana, amphamvu ndiwo amalandira, okalamba ndi olumala amabwerera chimanjamanja, ndipo mwana akapondedwa mlandu ndi wa mpingo. Njira yake ndi iyi: parishi ilembere ofesi ya dayosizi, kalata ipite kwa woyang'anira kampu kudakali masabata awiri kapena atatu, itchule tsiku, anthu opita ndi katundu amene atenga. Mndandanda wa olandira upangidwe ndi atsogoleri a mpingo a m'kampu pamodzi ndi ogwira ntchito kumeneko, ndipo pakhale anthu a maiko osiyana ouunika. Mfundo yomalizayi si yamwambo chabe. Anthuwa adathawa nkhondo zimene zina zidali za mitundu, ndipo mndandanda wolembedwa ndi munthu mmodzi kawirikawiri umadzaza ndi a kwawo. Kugawa kuchitikire m'tchalitchi kapena m'kalasi, ndi makadi operekedwa dzulo lake.

Za zithunzi tidachenjezedwa mwamphamvu. Ena adathawa anthu amene akuwafunabe mpaka lero. Chithunzi cha pa Facebook chokhala ndi dzina ndi malo chingaphetse munthu kapena abale ake otsala kwawo. Palibe kujambula popanda chilolezo cha mwini wake, ndipo ana asajambulidwe ndi anthu oyendera.

Gawo limene ife tidaliona lolemera kwambiri ndi la moyo wa mpingo. Ku Congo, Burundi ndi Rwanda kuli mpingo wa Anglican, dziko lililonse ndi provinsi yakeyake. Choncho ena mwa anthu amene timawaona ngati opempha ndi akhristu anzathu obatizidwa, osanjikidwa manja ndi bishopu, amayi ovala yunifolomu ya Mothers' Union, oimba kwaya, ngakhale makatekisiti. Wotsogolera phunziro la Baibulo adatiwerengetsa Levitiko 19:33-34, pamene mlendo akuyenera kutengedwa ngati mbadwa, n'kutikumbutsanso chiyambi chathu. Mu Julayi 1861 gulu la Bishopu Mackenzie ndi David Livingstone lidamasula akapolo oposa 80 pamudzi wa Mbame, ndipo anthu amenewo, osowa kwawo, ndiwo adali oyamba kukhala pa mishoni ya Magomero. Mpingo wathu m'dziko muno udayamba ndi anthu othamangitsidwa kwawo.

Kulandira munthu ngati membala kuli ndi mafunso ake, ndipo ansembe adawayankha mwatchutchutchu. Wothawa nkhondo sanyamula khadi la ubatizo. Wansembe amufunse parishi ndi dayosizi yake, dzina la amene adamubatiza ngati akulikumbuka, apeze mboni ziwiri zomudziwa, ndipo ngati n'kotheka kalata ipite ku dayosizi ya kwawoko kudzera ku ofesi ya Ambuye Bishopu. Munthu sabatizidwa kawiri. Pamene pali chikaiko chenicheni, pali ubatizo wa mawu akuti "ngati sunabatizidwe kale", ndipo m'kaundula mulembedwe kuti udachitika motero. Amene akunena kuti ndi wansembe kapena dikoni alandiridwe mwaulemu, koma asatsogolere Misa kufikira Ambuye Bishopu atamupatsa chilolezo, atamva kuchokera kwa bishopu wa kwawo. Maparishi ena adapsa nazo kale zala.

Ukwati ndiwo wovuta koposa. Nkhondo imabalalitsa mabanja, ndipo munthu angakhulupirire ndi mtima wonse kuti mwamuna kapena mkazi wake adafa, pamene ali moyo ku kampu ya ku Tanzania kapena Uganda. Kulengeza ukwati masabata atatu m'tchalitchi chimene palibe wodziwa mbiri ya munthuyo sikugwira kanthu. Kulengezako kuchitikenso pakati pa anthu a kwawo, m'chinenero chawo, ndipo a Red Cross ali ndi ntchito yofufuza abale otayana imene ingathandize. Zaka 18 zikhale zotsimikizika ndi mapepala a UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, popeza umphawi umakankhira atsikana ku banja msanga. Ankhoswe akasowa, mlaga (kagulu ka akhristu a m'dera limodzi) ungathe kupereka banja lokhwima kuti liime m'malomo, koma anthu a mbali zonse avomereze.

Pa chinenero sitidataye nthawi. Kuwerenga kumodzi m'Chiswahili, nyimbo imodzi kapena ziwiri za kwawo, ndi wachinyamata wofotokoza ulaliki mwachidule, basi anthu amva kuti afika kwawo. Kupatula Misa ya alendo okha sitidakuvomereze, chifukwa kumabala mipingo iwiri padenga limodzi. Alembedwe m'milaga, apatsidwe ntchito, ndipo azipereka chopereka monga wina aliyense, ngakhale chichepe.

Chenjezo lina ndi la makalata. Ambiri amayembekeza kutumizidwa ku maiko monga America, Canada kapena Australia, koma amene amapita ndi ochepa kwambiri, ndipo amasankhidwa kudzera ku UNHCR ndi maiko olandirawo, kwaulere. Kalata ya wansembe siithamangitsa ndondomekoyi. Wina akayamba kunena kuti ali ndi njira bola mumupatse ndalama, ameneyo ndi wakuba, ndipo dzina la mpingo lisapezeke pa pepala lake. Kalata imene parishi ingalembe ndi yotsimikiza umembala basi.

Panali mkangano, ndipo sitiubisa. Nthumwi zina za m'tauni zidanena poyera kuti akhristu awo ochita malonda adasangalala mu 2023, chifukwa amalonda amene anthu amangowatcha Maburundi ankagulitsa motchipa n'kuwalanda makasitomala. Zina zidayankha kuti eni nyumba adataya lendi, antchito a m'magolosale adataya ntchito, ndipo ana adachotsedwa m'sukulu pakati pa chaka. Za ku Dowa zidawonjezera mbali yachitatu: midzi yozungulira kampu ndi yosauka, imaona magalimoto a mabungwe akudutsa, pamene iyo idataya nkhuni ndi malo. Ife tikuona kuti mbali zonsezi zikunena zoona, ndipo parishi imene ithandiza othawa kwawo n'kuiwala amasiye a m'midzi ya pafupi ikufesa chidani. Chipatala cha ku Dzaleka chimathandiza anthu a m'kampu ndi a m'midzi omwe, sukulu zimene a JRS, bungwe la Akatolika lothandiza othawa kwawo, amayendetsa zimalandiranso ana a m'midzi, ndipo chikondwerero cha Tumaini, chimene chidayamba m'kampumo mu 2014, chimakoka Amalawi ambiri. Zinthu zogawana chonchi ndi zimene zimakhazika anthu pansi. Tidagwirizana kuti mndandanda uliwonse wa thandizo uzikhala ndi mabanja a mbali zonse, ndipo mafumu adziwitsidwe zisanayambe.

Pa lamulo lenilenilo, msonkhano sudauze parishi iliyonse kuti ibise munthu kapena imulembe ntchito mozemba, chifukwa akagwidwa wovutika kwambiri ndi wothawayo. Koma sudatinso tikhale chete. Kusunga anthu pamalo amodzi zaka makumi, osawalola kudzigwirira ntchito pamene thandizo likuchepa, n'kosatheka kupitirira. Maganizo amenewa apita ku Anglican Council in Malawi kuti madayosizi onse anayi alankhule ndi mawu amodzi pamene lamulo la 1989 likuunikidwanso. Achikulire adakumbutsa kuti pa nkhondo ya ku Mozambique dziko lino lidasunga anthu oposa miliyoni imodzi, ambiri a iwo m'midzi momwe, ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, mpaka adabwerera pambuyo pa pangano la mtendere la 1992. Ndipo kumapeto kwa 2024 ena zikwizikwi adawolokeranso ku Nsanje pothawa zipolowe za chisankho. Nkhaniyi si ya Dowa yokha.

Zimene tikupempha khonsolo igamule pa msonkhano ukubwerawu ndi izi. Isankhe komiti ya anthu asanu, mwa iwo mayi wa Mothers' Union ndi wachinyamata, ndipo mmodzi akhale womva Chiswahili kapena Chifalansa ngati alipo. Ivomereze kuti Lamulungu loyandikira 20 Juni, tsiku lokumbukira othawa kwawo padziko lonse, likhale la mapemphero ndi chopereka chapadera, ndalamazo zilembedwe m'buku lakelake ndi osayinira awiri, lipoti liziwerengedwa m'tchalitchi miyezi itatu iliyonse. Mlaga uliwonse unene matumba amene ungathe kusonkha pokolola, ndipo mawadeni aone ngati chipinda chosungiramo katundu chilibe kudontha. Amayi atiuze nsalu ndi ulusi zimene zingafunike poyamba kusoka. Ulendo woyamba wa ku Dzaleka ukhale wa anthu ochepa, opita kukapemphera ndi kumva, opanda katundu, ndipo kalata yopempha chilolezo ilembedwe komiti ikangosankhidwa.

Ife nthumwi zanu.