Ana akufuna ndiwaphunzitse kukwera thanthwe, koma ine akatswiri sanandiyesepo

Alangizi,

Ndine bambo wa ana awiri, ndimakhala kufupi ndi Likhubula kuno ku Mulanje. Ntchito yanga ndi kuperekeza alendo m'phiri. Ndinayamba ndi kunyamula katundu, pano ndine gaidi, ndipo njira za ku Chambe, Lichenya, Thuchila mpaka ku Chisepo, komwe timagona tisanakwere Sapitwa, ndimazidziwa bwino. Kumeneko nkhawa ndilibe. Sapitwa ndi wamtali mamita 3,002, koma munthu amafika ndi miyendo ndi manja ake basi.

Chikundisowetsa tulo ndi kukwera kwa chingwe. Thanthwe la Chambe, mbali yoyang'ana kumadzulo, ndi lalitali pafupifupi mamita 1,700, ndipo lili m'gulu la matanthwe aatali kwambiri amene anthu amakwera ndi chingwe mu Africa muno. Ambiri okwera pamenepo ndi ochokera kunja. Eni dera ife timawanyamulira zikwama mpaka patsinde, n'kutsala tikuyang'ana kumwamba. Zimandiwawa zimenezi, sindibisa.

Alendo ena anandikomera mtima n'kundiphunzitsa pa miyala yaifupi ya m'munsi. Ndimatha kuvala lamba wa m'chiuno ndi m'ntchafu uja, kumanga mfundo ya eyiti (yooneka ngati nambala 8) n'kuitsatira ndi chala kuona kuti zingwe zikuyenda ziwiriziwiri, komanso kugwirira mnzanga chingwe iye akukwera, dzanja lakumunsi osalichotsa pachingwe ngakhale nyerere indilume. Kunsonga kwa chingwe timamanganso mfundo kuti chisapulumuke potsitsa munthu. Wina asanaponde mwala timayamba tayang'anana: lamba wamangika, kalabina (kachitsulo kokolowekera chingwe) wapotokoledwa mpaka kutseka, chisoti chili kumutu. Pochoka, alendowo anandisiyira chingwe cha mamita 60, malamba ndi zisoti.

Ndiye achinyamata a m'mudzi, anyamata ndi atsikana omwe, sakundipatsa mpata. Tikakumana panjira ndi "Ankolo, tiyamba liti?" Mtima wanga ukufunitsitsa, chifukwa ndikulakalaka tsiku lina mwana wa ku Likhubula adzatsogolere alendo pa Chambe m'malo mongowanyamulira madzi.

Komatu kukwera wekha ndi kwina, kupachika mwana wa eni pachingwe ndi kwinanso. Nthawi zonse amene ankamanga chingwe pamwamba anali alendo aja. Lamulo ndikulidziwa: pomangirira pakhale pawiri kapena kuposa, kuti pena pakazuka pena pagwire, ndipo chingwe chisamakhulane ndi mwala wakuthwa. Chimene chimafuna diso la katswiri ndi kuona ngati mtengo womangapo uli ndi mizu yozama kapena yangoyala pa kadothi kochepa pamwamba pa thanthwe. Chigumukireni mbali zina za phiri ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, mwala waukulu sindiukhulupiriranso msanga. Nachonso chingwe anandipatsa chogwira kale ntchito. Ndimachisunga m'thumba, kutali ndi dzuwa ndi asidi wa batire, ndimachipapasa ndi zala kufuna pomwe pafewa kapena pauma, koma opanga zingwezi amati chikakwanitsa zaka 10 chisiyidwe ngakhale chikuoneka bwino. Nanga mwana akachita mantha pakati pa thanthwe n'kukanirira, kapena mwala ukamugwera, ndimutsitsa bwanji? Nanga chiperoni chikatipeza mwadzidzidzi, mwala n'kuyamba kuterera? Zopulumutsa munthu palibe anandiphunzitsa.

Mayi a kunyumba akuti ndisiye. Akuti mwana wa munthu akagwa, ndikayankha chiyani kwa makolo ake ndi kwa amfumu? Sindikuwatsutsa. Koma kukana nakonso kuli ndi ngozi yake: anyamata ena ayamba kukwera okha, opanda chingwe, potengera zomwe akuonera pafoni. Palinso mnzanga wina yemwe wayamba kukweza alendo ndi chingwe chogula ku hadiweya, chomangira katundu pagalimoto. Chingwe chokwerera chimatamuka pang'ono kuti munthu akagwa asadukire msana, chake chija ayi. Iye amati ndikuchedwa, ndalama zikundipitirira.

Chonde ndithandizeni. Munthu ngati ine, wa sukulu yochepa, ndingapite kuti kukaphunzira kuphunzitsa ena, komwe akatswiri angandione ndikumanga chingwe n'kundiuza mosabisa kuti ndakhoza kapena ayi? Ndamva za mabungwe a okwera mapiri ndi matanthwe: a Climb Malawi a ku Lilongwe komanso a Mountain Club of Malawi. Ndiwalembere kalata, kapena ndisunge ndalama ya basi ndikaonekere ndekha? Podikira zimenezo, kodi n'kulakwa kuwasonkhanitsa anawa n'kumawaphunzitsa mfundo, kuvala lamba ndi kuyang'anana tili pansi, osakwera kuposa msinkhu wa munthu? Ndikuopa kuti ndikawapatsa theka la nzeru adzayesa adziwa zonse. Makolo awo ndiwafikire bwanji, mmodzimmodzi kapena kudzera kwa amfumu?

Za mnzanga uja ndiye zandithetsa nzeru. Tinakulira limodzi, ndipo ndamuuza kale pamaso koma sakumva. Ndikanene kwa atsogoleri a magaidi anzathu ngakhale ubale uthe?

Ine wanu,
Gaidi wa ku Likhubula, Mulanje