Zomba ndi ziwiri, musatisokonezere ana

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata m'nyuzipepala yanu ndidandaule za nkhani imene yandisowetsa tulo kuyambira Lachitatu lapitali.

Mdzukulu wanga wa Fomu 2 anafika pakhomo pano ku Chinamwali maso ali psuu, kope lili m'manja. Kusukulu anawapatsa ntchito yoti apeze chiwerengero cha anthu okhala mumzinda wa Zomba. Mwanayo anabwereka foni ya mayi ake, n'kugula bandulo ndi ndalama imene ndinamupatsa ya mandasi, n'kutsegula limodzi mwa mabuku a chidziwitso a pa intaneti amene amati insaikulopediya aja. Anapeza nkhani ya mutu wakuti "Zomba". Zomba basi, popanda mawu ena. Anakopera 746,724 mwaukhondo, mpaka kudula mzere kunsi ndi rula. Aphunzitsi anamuthetha ndi cholembera chofiira, anzake n'kumuseka.

Aphunzitsiwo sanalakwe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 105,013 mumzindawu. Anthu 746,724 aja ndi a m'boma la Zomba, kunja kwa mzinda: a ku Jali, Mayaka, Thondwe, Domasi, Chingale kuseri kwa phiri, mpaka asodzi a ku Kachulu ndi a pa chilumba cha Chisi. Mwanayonso sanalakwe. Wolakwa ndi amene anatenga zinthu ziwiri n'kuziphika mumphika umodzi, kenako n'kuvundikira ndi dzina limodzi.

Ndinavala magalasi n'kuiwerenga ndekha nkhaniyo. Ndime yoyamba ikukamba za likulu lakale la dziko lino ndi sukulu ya ukachenjede. Ndime yachiwiri, osachenjeza n'komwe, yalowa m'minda ya mpunga ya m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ikutchula mafumu Mwambo ndi Kuntumanji. Ndime yachitatu yabwereranso kumsika waukulu wa m'tauni. Kodi nyanja ya Chilwa inafika liti pa depoti ya basi? Kodi amene analemba zimenezi anapondako ku Zomba kuno? Ndaphunzitsa Jogalafe zaka 31, ndipo mwana akanandilembera zotere pa mayeso ndikanamubwezera pepala lake.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti likulu la National Statistical Office, eni ake a kalembera, lili konkuno ku Zomba. M'malipoti awo mzinda uli pa mzere wake, boma lili pa mzere wake. Makhonsolo nawonso ndi awiri, ya mzinda ili ndi mfumu ya mzinda, ya boma ili ndi bwanamkubwa. Ngati a boma amene anasiyanitsa, munthu wolemba buku lophunzitsa ana ndi ndani kuti aphatikize?

Vutoli si lathu lokha, ndipo anzathu analithetsa kalekale. Ku America kuli mzinda wa New York, wa anthu oposa 8 miliyoni, komanso chigawo cha New York, chimene likulu lake ndi Albany. Akafuna kunena za mzinda amalemba New York City, ndipo palibe mwana amene angaike mathithi a Niagara, a kumalire a chigawocho, pakati pa Manhattan, dera la mkati mwa mzindawo. Washington kumene kumakhala pulezidenti wawo amawonjezera D.C., chifukwa kuli Washington wina, chigawo cha kugombe la kumadzulo kumene kuli Seattle. Iwo atha kusamala mayina awo, ife tilepherenji? Kapena chifukwa ndi Zomba, ndiye aliyense angolemba mmene wadzukira?

Ndikudziwa kuti chilankhulo chathu chili ndi msampha wake pamenepa. Mawu akuti boma timawasenzetsa katundu wambiri. Boma ndi limene limatolera misonkho. Boma ndi dera lonse la bwanamkubwa. Ndipo mayi wa ku Mayaka akamanga chitenje n'kunena kuti "ndikupita ku boma", akunena tauni imene ino. Polankhula timamvana, chifukwa tikuonana maso. Koma buku silikuona nkhope ya mwana amene akuliwerenga, n'chifukwa chake wolemba ayenera kusamala kuposa wolankhula. A ku Mzuzu ali ndi mwayi, mzinda wawo uli ndi dzina lake, boma n'kukhala Mzimba. A ku Blantyre ndi Lilongwe asaseke, msampha womwewu ukuwadikira.

Nanga ophunzira athu ali kuti? Tauni ino yadzaza ndi madokotala a maphunziro, timakumana nawo pogula mbatata ku Mpondabwino. Amalemba mapepala ataliatali m'Chingerezi oti akawerengedwe kunja, koma nkhani ya kwawo m'chilankhulo cha amayi awo aisiyira aliyense wodutsa. Lero funsani mwana wa sekondale chaka chimene likulu linasamukira ku Lilongwe, ambiri sakuuzani kuti ndi 1975, ndipo sadziwa kuti aphungu anapitiriza kukumana kuno mpaka 1994. Azidziwira kuti? Mabuku m'sukulu ndi ochepa, ana asanu buku limodzi, ndiye amathawira pa foni, kumeneko n'kukapezanso phala la zinthu zosakaniza.

Zokonza zake sizifuna msonkhano wa ku hotela kapena ndalama za alawansi. Nkhaniyo aigawe pawiri, ina ikhale "Mzinda wa Zomba", ina "Boma la Zomba". Pa dzina lakuti "Zomba" lokha pakhale mizere iwiri yomufunsa wowerenga kuti akufuna iti. Achite chimodzimodzi ndi Blantyre ndi Lilongwe. Ngati akusowa wowalembera, ine ndilipo, ndipo lipoti la kalembera ndili nalo m'kabati.

Mphunzitsi wopuma,
Chinamwali, Zomba